Nsomba za m'nyanja ya Malawi: momwe mitundu inachulukira ndi zomwe zikuiopseza

MANGOCHI – Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, ndipo akatswiri a sayansi ya zamoyo amati mitunduyi ili pakati pa 800 ndi 1,000. Yambiri mwa mitunduyi sipezeka kwina kulikonse, kotero kuti mtundu ukatha m'nyanjayi ndiye kuti watheratu pa dziko lonse.

Pofuna kuteteza chuma chimenechi, boma linakhazikitsa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park ku Cape Maclear m'boma la Mangochi m'chaka cha 1980. Mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse, ndipo linayerekeza kufunika kwa nsombazi pa maphunziro a chisinthiko cha zamoyo ndi mbalame za pa zilumba za Galapagos.

Nkhaniyi ikukhudza ogwira ntchito m'nthambi za boma zoona za usodzi, nkhalango, malo ndi zaumoyo, chifukwa malamulo ambiri omwe amatsogolera ntchito zawo, monga kutseka nyanja ndi kuletsa maukonde a maso ang'onoang'ono, maziko ake ali pa sayansi imeneyi.

Kudalirana kwa zamoyo

Nyanjayi ndi yotalika makilomita oposa 560 ndipo pamalo pozama kwambiri imafika mamita pafupifupi 700. Koma nsomba zimakhala m'madzi a pamwamba okha, mamita pafupifupi 200, popeza pansi pa apo mulibe mpweya wa okosijeni.

Chakudya chonse cha m'nyanjayi chimayambira pa kuwala kwa dzuwa. Ndere zomera pa miyala ndi tizomera ting'onoting'ono toyandama timapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwalako. Tizilombo ta m'madzi, kuphatikizapo mphutsi za nkhungu, timadalira tizomera timeneti kapena tizilombo tinzake. Usipa ndi utaka zimadya tizilombo, ncheni ndi kampango zimadya nsomba zing'onozing'ono, ndipo pamwamba pa zonse pali nkhwazi, ng'ona ndi anthu. Zamoyo zikafa, mabakiteriya amaziwoletsa n'kubwezera chonde m'madzi.

Mphepo ya mwera, yomwe imaomba m'miyezi yozizira, imathandiza kuti madzi a pansi okhala ndi chonde akwere pamwamba kumwera kwa nyanjayi. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe dera la Mangochi lakhala likutulutsa nsomba zambiri.

Kusankha kwa chilengedwe

Mfundo yofotokoza momwe mitundu ya zamoyo imasinthira inaperekedwa koyamba mu 1858 ndi akatswiri awiri a ku Britain, a Charles Darwin ndi a Alfred Russel Wallace. Chaka chotsatira a Darwin anaifotokoza mwatsatanetsatane m'buku lawo lotchedwa On the Origin of Species.

Malingana ndi mfundoyi, ana a mtundu umodzi sabadwa ofanana ndendende, ndipo kusiyana kwina kumachokera kwa makolo kudzera m'majini. Komanso ana omwe amabadwa ndi ochuluka kuposa omwe chakudya ndi malo zingasunge. Choncho omwe thupi lawo likugwirizana bwino ndi malo awo ndiwo amapulumuka n'kubereka kwambiri, ndipo m'badwo wotsatira umakhala ndi ochuluka otengera iwo.

Mwachitsanzo, ngati pakati pa nsomba zodya ndere pali zina zomwe mano ake amapala bwino pa mwala, zimenezo zimakhuta, kukula msanga ndi kusiya ana ambiri. Pakatha mibadwo zikwi zambiri, gulu lonse limakhala ndi mano otero. Nsomba imodzi sisintha m'moyo wake. Chomwe chimasintha ndi gulu lonse, pang'onopang'ono, kuchokera m'badwo wina kufika m'badwo wina.

Momwe mitundu inachulukira

Nsomba zambiri za m'nyanjayi, monga mbuna, utaka, ncheni ndi kambuzi, ndi za banja limodzi lomwe asayansi amalitcha cichlid. Kafukufuku wa DNA yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2018, motsogozedwa ndi akatswiri a ku Wellcome Sanger Institute ku Britain, anaonetsa kuti mitundu imeneyi imasiyana pang'ono kwambiri m'majini. Akatswiri amati yonse inachokera ku makolo amodzi m'zaka zosakwana 1 miliyoni zapitazo, yomwe ndi nthawi yochepa pa mbiri ya zamoyo. Chambo nacho ndi cha banja lomweli, koma cha nthambi ina.

Pali zifukwa zingapo zomwe zinafulumizitsa kuchulukaku. Choyamba, nsombazi zili ndi nsagwada zina zachiwiri kukhosi zomwe zimapera chakudya, motero pakamwa penipeni panatha kusintha molingana ndi njira zosiyanasiyana zopezera chakudyacho. Lero pali mitundu yopala ndere, yofukula mchenga, yoswa nkhono, ngakhalenso yodya mamba a nsomba zinzake. Nsomba yotchedwa kaligono imagona chammbali pansi pa madzi ngati yakufa, n'kumbwandira tinsomba tomwe tayandikira.

Chachiwiri, mbuna zimakhala pa miyala ndipo kawirikawiri siziwoloka mchenga kapena madzi akuya. Nsomba yaikazi imasunga mazira ndi ana m'kamwa mpaka atakhwima, choncho anawo sabalalikira kutali. Gulu la pa chilumba chimodzi limatalikirana ndi la pa chilumba china, ndipo lililonse limasintha palokha. N'chifukwa chake zilumba monga Likoma, Chizumulu ndi Mbenji zili ndi mbuna zawozawo.

Chachitatu, zazikazi zimasankha zazimuna poyang'ana maonekedwe a thupi, ndipo m'mitundu ina zimayang'ana zisa zomwe zazimuna zimamanga pa mchenga. Magulu awiri akasiya kukwerana chifukwa chosiyana maonekedwe, amasanduka mitundu iwiri. Kuonjezera apo, dothi lomwe akatswiri anakumba pansi pa nyanjayi mu 2005 linaonetsa kuti m'nthawi za chilala chachikulu kalekale madzi anatsikapo ndi mamita oposa 500. Kutsika ndi kukweranso kwa madziwo kunkalekanitsa ndi kuphatikizanso magulu a nsomba.

Umboni wa ku zaumoyo

Kusankha kwa chilengedwe kumaonekanso m'zaka zochepa pa zamoyo zomwe zimaswana msanga. Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kusiya mankhwala a chloroquine ngati chithandizo choyamba cha malungo, n'kuyamba kugwiritsa ntchito SP, yemwe ambiri amamudziwa kuti Fansidar. Mankhwala akale aja ankapha tizilombo tofooka, tosamva mankhwala n'kumatsala ndi kuchulukana.

Mankhwalawo atachotsedwa, tizilombo tosamva tija tinayamba kuchepa, ndipo kafukufuku yemwe anachitika ku Blantyre mu 2005 anapeza kuti chloroquine anali atayambiranso kugwira ntchito. SP naye atafooka, boma linasinthira ku LA mu 2007. Ichi n'chifukwa chake achipatala amalangiza odwala kumwa mankhwala moyenera ndi kumaliza onse omwe apatsidwa.

Zomwe zikuopseza nsomba

Popeza zamoyo za m'nyanja zimadalirana, kukhudza mtundu umodzi kumasokoneza ina. Ku nyanja ya Victoria, nsomba yachilendo yotchedwa Nile perch inaikidwamo m'zaka za m'ma 1950. Itachuluka m'zaka za m'ma 1980, mitundu pafupifupi 200 ya nsomba za banja la cichlid inasowa. Lamulo la Malawi loona za kasamalidwe ka nsomba silimalola kubweretsa nsomba zachilendo popanda chilolezo pofuna kupewa zoterezi.

Ku Cape Maclear, ofufuza anapeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa kaamba ka usodzi wa makoka m'mphepete mwa nyanja, nkhono zomwe zimasunga tizilombo ta likodzo zinachuluka, ndipo matendawa anafala kwambiri pakati pa ana a sukulu.

Kudula mitengo ndi kulima m'mphepete mwa mitsinje nako kumabweretsa matope m'nyanja. Matopewo amakwirira ndere pa miyala, komanso amadetsa madzi moti nsomba zimavutika kuzindikira maonekedwe a zinzake. Ku nyanja ya Victoria zinapezeka kuti m'madzi akuda mitundu yosiyana imayamba kusakanikirana.

Chambo ndicho chaonetsa poyera zotsatira za usodzi wopyola muyeso. Chinachepa kwambiri m'nyanja ya Malombe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zamoyo zomwe zili pa chiopsezo chachikulu cha kutheratu. Maukonde a maso ang'onoang'ono ndi masikito amakokolola ana a nsomba asanafike msinkhu woswana. Kugwira nsomba zikuluzikulu mopitirira muyeso nako kumasintha gulu, chifukwa zotsala zoti zibereke zimakhala zomwe zimakhwima zili zazing'ono, monga momwe zinaonekera pa nsomba za cod kufupi ndi Newfoundland ku Canada, komwe usodzi wake unaimitsidwa mu 1992.

Ntchito ya boma, mafumu ndi asodzi

Nthambi yoona za usodzi imatseka nyanja kwa zida zina za usodzi kuyambira mwezi wa Novembala, nthawi yomwe chambo chimaswana m'madzi osaya, ndipo imagwira ntchito ndi makomiti a m'magombe pofuna kuti malamulo azitsatidwa. Pa chilumba cha Mbenji m'dera la Senior Chief Makanjira m'boma la Salima, mafumu akhala akutseka usodzi m'nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo malowa amatchulidwa ngati chitsanzo cha kasamalidwe kabwino.

Malowa akusonyeza kuti nsomba zimachulukanso ngati zapatsidwa mpata woswana pomwe mtundu wake ulipobe. Pachifukwa ichi, makhonsolo a m'maboma a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira Karonga mpaka Mangochi, ali ndi udindo woonetsetsa kuti ndondomeko zawo za ulimi, nkhalango ndi chitukuko cha m'magombe zikuganizira nyanjayi, pakuti mitundu yomwe inatenga zaka zikwi mazana kuti ipangike ingathe kutha m'badwo umodzi wa anthu.