Cifukwa Cace Malungo Akonda Nyumba Zina

M'komboni imodzi yomweyo mabanja ena amadwala malungo caka ndi caka, pamene anzao a kumtunda sadwaladwala. Ena amati ndi tsoka, ena amati ndi ufiti. Koma akatswiri a masamu anapeza cifukwa cace.

M'caka ca 1897 Dotolo Ronald Ross, ali ku India, anaona tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu. Pambuyo pace anayamba kulondola nthendayi ndi masamu. Mu 1904 anasonyeza kuti udzudzu umacuruka pafupi ndi madzi amene umaswaniramo, ndipo umanka nucepa kutali ndi madziwo. Anapezanso kuti sikufunika kupha udzudzu wonse ai. Ukacepa kufika pa muyeso wina, malungo amazilala okha.

Komabe powerengera kufala kwa nthenda, masamu a Ross, ndi a George Macdonald a mu 1957, anayesa ngati anthu onse amalumidwa mofanana. Mu 1986 Dye ndi Hasibeder anasonyeza kuti udzudzu ukaunjikana pa anthu owerengeka, malungo amalimba koposa m'mene akadalimbira ukadamwazikana ponseponse.

Cifukwa cace ndi ici. Kuti udzudzu upatse munthu malungo, uyenera kuluma kawiri: poyamba kutenga tizirombo kwa wodwala, ndipo patapita masiku 10 kapena kuposerapo, kutipatsira wina. Pa nyumba za m'mbali mwa dambo anthu omwewo amalumidwa usiku ndi usiku. Motero sacedwa kulandira tizirombo, ndiponso amatigawira udzudzu wambiri. Nyumba zotere ziri ngati cikuni ca moto cimene sicizima ngakhale m'cirimwe. Mvula ikagwa, udzudzu ndi kucuruka, moto uja umayaka nufalikira m'komboni yonse. Mu 1997 Woolhouse ndi anzace anawerengera kuti kawirikawiri anthu 20 mwa 100 ndiwo gwero la magawo 80 mwa 100 a kufala kwa nthenda zotere.

Dziko lino liri ndi umboni wace. Pamene mgodi wa Roan Antelope unali kutsegulidwa ku Luanshya, malungo anapha anthu ambiri, ndipo anchito anali kuopa kukhalako. Ca m'ma 1930, potsata malangizo a Sir Malcolm Watson, analambula mtsinje wa Luanshya kuti madzi aziyenda, nakumba ngalande m'madambo, nathira mafuta pa zithaphwi. Pa zaka zowerengeka malungo anacepa kwambiri.

Cifukwa cace tsono m'madera ena a zaumoyo amalemba pa mapu nyumba zimene mwapezeka odwala, kuti adziwe kumene kuli cisa ca nthenda ndi kumene ayenera kuyambira nchito. Ndipo wokhala kumtunda asanene kuti za kudambo sizimkhudza, pakuti udzudzu woluma mwana wa mnansi wace lero ungathe kufika pakhomo pace mwezi usanathe.