Nyama Yogonekedwa ya ku New York

Mukandifunsa chifukwa chake nyama imadula chonchi ku Peter Luger, lesitilanti ya ku Brooklyn yomwe inatsegulidwa mu 1887, ndikulozerani kuchipinda chozizira, osati kukhitchini. M'menemo nyama ya ng'ombe imagonekedwa kwa masabata angapo. Madzi amachepa, minofu imafewa yokha, kukoma n'kumawonjezeka. Kunja kwake kumada n'kuuma gwa, ndiye amasenga n'kutaya. Zotayazo wolipira ndinu.

Ikapsa pamoto waukali, amabwera nayo yoduladula kale, mafuta akuthetheka m'mbale yotentha.

Ku Keens, lesitilanti ina ya ku Manhattan yomwe inatsegulidwa mu 1885, kudenga kwadzaza mapaipi adothi osutira fodya a makasitomala akale. Kumeneko ine ndingaitanitse nyama ya nkhosa, poti ndiyo inawatchukitsa.