M'busa Meeks: kuchoka paguwa kukalimbana ndi andale

Pa 2 September 2008, tsiku lotsegulira sukulu mumzinda wa Chicago ku America, ana oposa 1,000 sadalowe m'kalasi. Adakwera mabasi kupita ku New Trier, sukulu ya kudera la anthu opeza bwino kumpoto kwa mzindawo, kukapempha malo.

Amene adawatsogolera ndi M'busa James Meeks, yemwe panthawiyo adalinso phungu wa nyumba ya malamulo ya chigawo cha Illinois. Dziko la America lili ndi zigawo 50 ndipo chilichonse chili ndi nyumba yakeyake ya malamulo.

A Meeks ankadziwa kuti anawo sangalandiridwe poti sankakhala m'deralo. Cholinga chawo chidali choti dziko lione tsankho lomwe lidalipo pa maphunziro. Ku Illinois, ndalama zambiri zoyendetsera sukulu zimachokera ku msonkho wa nyumba ndi malo wa dera lomwe sukuluyo ili. Izi zikutanthauza kuti mwana wa kudera losauka amayamba kale kutsalira asadagwire n'komwe pensulo.

Ambiri, kuphatikizapo mfumu ya mzindawo Richard Daley, adadzudzula m'busayu kuti akujombetsa ana pofuna kukakamiza boma. Patangotha masiku awiri, kunyanyalako kudathetsedwa.

A Meeks adabadwa mu 1956 ndipo mu 1985 adayambitsa mpingo wa Salem Baptist ndi anthu pafupifupi 200. Mpingowo udakula kwambiri moti mu 2005 udatsegula nyumba yopemphereramo ya House of Hope, yokhala anthu 10,000.

Mphamvu zawo zidayamba kuoneka mu 1998 pamene adamema anthu a dera la Roseland kuti avotere kuletsa malonda a mowa. Malo 26 ogulitsira mowa adatsekedwa.

Mu 2002 adapikisana nawo pachisankho ngati woima payekha ndipo adagwetsa phungu wa chipani cha Democratic, William Shaw. Adakhala m'nyumba ya Seneti ya Illinois kuyambira 2003 mpaka 2013 uku akulalikabe Lamulungu lililonse.

Mu 2006 adaopseza kuti apikisana ndi bwanamkubwa Rod Blagojevich ngati sukulu za osauka sizipatsidwa ndalama zokwanira. Blagojevich atalonjeza kuonjezera ndalamazo, a Meeks adabwerera m'mbuyo. Zambiri mwa zomwe zidalonjezedwa sizidachitike.

Koma pakamwa pomwe padawakweza ndi pomwenso padawaika m'madzi. Chaka chomwecho, polalikira, adafanizira mafumu a mizinda ndi eni akapolo, ndipo adatchula atsogoleri ena akuda ndi liwu lachipongwe lomwe azungu ankanyozera nalo akapolo. Nkhaniyi idautsa mapiri pachigwa.

Mu December 2010, akufuna mpando wa mfumu ya mzinda wa Chicago, adanena pawailesi kuti mwayi wapadera wa makontirakiti a mzinda uzipita kwa anthu akuda okha, osati kwa amayi kapena anthu ochokera ku Asia ndi ku Latin America. Anthu adakwiya, ndipo mwezi womwewo a Meeks adachoka pampikisanowo, ponena kuti akuda asagawane mavoti. Mpandowo adautenga Rahm Emanuel mu 2011.

Mu 2013 adatsutsa poyera bilu yololeza maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, zomwe zidawadanitsa ndi magulu omenyera ufulu wa anthuwa. Biluyo idadutsabe.

Chaka chotsatira adadabwitsanso anzawo a Democratic pothandiza Bruce Rauner wa chipani cha Republican pachisankho cha bwanamkubwa. Rauner atapambana, adawasankha kukhala wapampando wa bungwe loyang'anira maphunziro ku Illinois mu 2015.

Ali pampandowu, mu 2017, chigawochi chidakhazikitsa lamulo loti ndalama zatsopano za maphunziro ziziyamba kupita kumadera osowa kwambiri. Lamuloli silidathetse kusiyana konse, komanso si a Meeks okha adalimenyera, koma ndi nkhani yomwe adaigwira kuyambira pomwe adalowa ndale.

Adapuma paubusa mu January 2023, ndipo mpingo wa Salem adausiya m'manja mwa M'busa Charlie Dates.