Kanthu Kodziŵika ndi Zidutswa Zake

Ana a sukulu ku Mitundu ndi ku Nathenje amaphunzira kuti m'kati mwa atomu muli proton. Komatu nayonso proton ili ndi tizigawo totchedwa quark, timene mitundu yake yodziŵika kale inali itatu.

Mu Novembala 1974 ku America, Burton Richter anagundanitsa ma electron ndi ma positron ku Stanford, napeza kanthu kolemera ngati ma proton atatu. Samuel Ting anakapezanso ku Brookhaven. Kanthuka, kotchedwa J/psi, kamasweka msanga, ndipo akatswiri amakazindikira ndi zidutswa zake monga mlenje azindikira nyama poona mapazi. Komabe kamachedwa kusweka kuposa mmene iwo ankayembekezera, ndipo kuchedwaku kunaulula quark yachinayi, charm. Aŵiriŵa analandira mphotho ya Nobel mu 1976.