Cigodola ca Nkhumba ku Mchinji

Acikumbi anzanga, nkhumba ndi cuma, koma cigodola cikalowa m'mudzi makola amatsala pululu m'masiku owerengeka. Nthenda imeneyi inalongosoledwa koyamba ku Kenya m'caka ca 1921. Njiri ndi nguluwe zimakhala nako kacirombo kake osadwala. Kuno ku Mchinji, m'zaka za m'ma 1980, akatswiri anakapeza m'thupi mwa nkhufi zobisala m'ming'alu ya makola, zimene zimaluma nkhumba usiku.

Anthu satenga nthendayi, koma mankhwala ociza nkhumba palibe. Cotero mangani khola lolimba, matani ming'alu yonse, ndipo nkhumba zisamangoyendayenda m'mudzi. Yakufa muikwirire mozama; musagulitse nyama yace, kapena kuoloka nayo malire kunka ku Chipata. Mukaona nkhumba zikukana cakudya, uzani mlangizi wa ziweto msanga.