Alimi 56 mwa 100: kodi apitirira theka?

Mlangizi akapeza, mwachitsanzo, kuti alimi 56 mwa 100 amene wawafunsa akubzala chimanga mbewu imodzi pa phando, asafulumire kulemba lipoti lakuti alimi opitirira theka mu EPA yonse atengera njirayi. Lipoti lotere lingachititse kuti minda yachitsanzo isamutsidwe nthawi isanakwane.

Poyesa chiwerengerochi, amayamba ndi ganizo lakuti otengera njirayi ndi theka ndendende. Zikakhala choncho, gulu la alimi 100 osankhidwa mwamaere silipereka 50 nthawi zonse: pafupifupi magulu 95 mwa 100 amagwera pakati pa 40 ndi 60. Popeza 56 ili mkati mwa malirewa, ikhoza kungotuluka mwamwayi, ndipo ganizo la theka silikanidwa.

Ofunsidwa akakhala 400, malirewo amakhala 180 mpaka 220. Apa alimi 224, omwe ndi 56 peresenti yomwe ija, ali kunja kwa malire, choncho pali umboni wakuti apitiriradi theka.

Masamuwa amagwira ntchito pokhapokha mayina atasankhidwa mwamaere pa mndandanda wa mabanja onse. Kufunsa alimi obwera ku chionetsero kumakweza chiwerengero, chifukwa kumeneko kumachuluka okonda kale ulimi wamakono.