MNENI WOLUMIKIZA WA M'CINGEREZI NDI ANZAKE A M'CINYANJA

Caka cina ndinapita kukaonerera mmodzi wa ophunzira athu amene anali kuyesera nchito ya uphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale ku Kafue Estates. Tsikulo iye anauza ana a Giredi 5 kuti alembe ziganizo zisanu za Cingerezi zonena za kwao. Kamtsikana kena ka pa benci la kumbuyo kanalemba motere: "My father a driver. My mother tired. I have ten years. I am with two brothers. At home no water." Mphunzitsiyo anakhwacha mizere yonse isanu ndi inki yofiira, nalemba pansi pake kuti mwanayo aleke ulesi. Nditapempha bukulo ndi kuliyang'ana bwino, ndinaona kuti mwanayo sanali waulesi. Anali atapunthwa kasanu pa mwala umodzi, ndipo mwalawo ndi mneni wa m'Cingerezi wochedwa "be".

Aneni ambiri amatiuza zimene munthu kapena cinthu cicita: kulima, kuphika, kuthamanga. Koma pali aneni owerengeka amene sanena za mcitidwe uliwonse. Nchito yao ndi kumanga mwininkhani ku liu lomufotokoza. M'ciganizo cakuti "Kafue is a river", liu lakuti "is" silicita kanthu. Lingoima pakati pa maina awiri, monga ulalo wa njanji umene unamangidwa pa mtsinjewo m'caka ca 1906 uima pakati pa magombe awiri. Akatswiri a zinenero amacha mneni wotere "copula", liu la Cilatini lotanthauza comangira. Ife m'mutu uno tidzamucha mneni wolumikiza.

M'Cingerezi muli aneni olumikiza angapo, monga "become", "seem" ndi "remain", koma mkulu wao ndi "be". Iyeyu ali ndi nkhope zisanu ndi zitatu: be, am, is, are, was, were, being, been. Mwana wocenjera adzakufunsani kuti cibale ca "am" ndi "were" cili pati, popeza sizifanana ngakhale pang'ono. Funsolo ndi labwino. M'mbiri ya Cingerezi, aneni osiyana anaphatikizana nasanduka mmodzi: "am" ndi "is" anacokera ku muzu umodzi, "be" ndi "been" ku muzu wina, "was" ndi "were" ku winanso. Palibe lamulo lozicepetsa. Mwana ayenera kuzizolowera ndi khutu.

Komabe nkhope zimenezi sindizo zibvuta kwambiri. Bvuto lalikulu ndi lakuti Cingerezi cinasenzetsa mneni mmodziyu katundu amene Cinyanja cinagawira onyamula angapo.

Ponena cimene munthu kapena cinthu cili, ife timagwiritsa nchito kaliu kakuti "ndi": Atate ndi dalaivala, Kafue ndi mtsinje. Kaliu aka sikatenga a-, u-, ci- kapena zi- monga acitira aneni ena, ndipo sikasonyeza nthawi. Kakakumana ndi mlowam'malo kamaphatikana naye: ndine, ndiwe, ndiye, ndife, ndinu, ndiwo. Pokana sitikaika m'mpangidwe wina ai, koma timakacotsa ndi kuikapo "si": Atate si dalaivala. Tsono ponena za malo, kapena za mkhalidwe wa panthawiyo, "ndi" amapatuka, nalowa "-li": Atate ali ku Nitrogen, amai ali kumsika, mwana ali gone. Aliyense wobadwira m'cinenero cathu adziwa kusiyana kwa "agogo ndi abwino" ndi "agogo ali bwino". Coyamba cinena za mtima wao, caciwiri za thupi lao lero. Cingerezi cimaika "is" pa zonse ziwiri, ndipo kusiyanako cimakukankhira ku mau otsatira, "good" ndi "well".

Tikabwerera ku nthawi yakale, "-li" atenga nchito zonse ziwiri: anali dalaivala, anali ku Nitrogen. Tikapita kutsogolo, nayenso "-li" alephera, ndipo tibwereka "-khala": adzakhala dalaivala. Polamula ndi cimodzimodzi: khalani cete. Ndiye cifukwa cake mabuku otanthauzira mau amalemba kuti "to be" ndi "kukhala", cimene cili coona pang'ono cabe. Mphunzitsi wokhulupirira bukulo adzadabwa akaona mwana atamasulira "I am a pupil" kuti "ndikhala mwana wa sukulu".

Palinso nchito yonena kuti cinthu cilipo kapena palibe. Apa Cinyanja cili ndi cuma coposa Cingerezi, pakuti cimasiyanitsa pali, kuli ndi muli, ndiponso palibe, kulibe ndi mulibe. Cingerezi cingoti "there is" ndi "there is no". Ndipo "there" wa m'mau awa saloza malo konse. Mwana amene munamuphunzitsa dzulo kuti "there" ndi "uko" ndipo "here" ndi "pano" adzasokonezeka akawerenga "There is no water here", ndipo ali ndi cifukwa cosokonezekera.

Tiyeni tibwerere kwa kamtsikana kaja. Ife timati "ndili ndi alongo awiri", ndiko kuti "-li" pamodzi ndi "ndi" wina uja wotanthauza kukhala pamodzi. Iko kanatsata Cinyanja liu ndi liu, nikalemba "I am with two brothers". Koma onani ciganizo cinaco. Kanali katamva kale kuti "ndili ndi" amamasuliridwa "I have", motero pofuna kunena kuti "ndili ndi zaka khumi" kanatsata lamulo la aphunzitsi, nikalemba "I have ten years". Kanalakwa cifukwa comvera. Cingerezi ndico cinaswa lamulo pano, pakuti zaka, njala, ludzu ndi mantha cimazipereka kwa "be": I am ten years old, I am hungry, I am thirsty, I am afraid. Mwana wolemba "I have ten years" waganiza, ndipo inki yofiira yopanda kufotokoza imamuphunzitsa kuti kuganiza ndi kulakwa.

Wina angayese kuti kugawa kotere ndi cizindikiro cakuti cinenero cathu ndi cosakwanira, ndipo ndamvapo aphunzitsi akunena kuti Cinyanja cilibe "to be". Pofuna kucotsa maganizo amenewa ndidzaitana mboni yakutali. Pamene ndinali kuphunzira za zinenero kunja kwa dziko lino, ndinali ndi mnzanga wa ku Turkey, ndipo tinatha madzulo ambiri tikufanizira zinenero zathu. Cinenero cao, cimene ndidzacicha Citeki, si mbale wa Cinyanja, ndiponso si mbale wa Cingerezi. Kuyambira m'caka ca 1928 cimalembedwa ndi zilembo za Cilatini, motero mudzatha kutsatira zitsanzo, ngakhale zilembo zina zili ndi tizizindikiro tacilendo.

Mteki akafuna kunena kuti Mehmet ndi mphunzitsi amangoti "Mehmet öğretmen", ndiko kuti "Mehmet mphunzitsi". Pakati palibe liu lililonse. Ici ndi Citeki coyera, cimene nduna ya boma ikhoza kulankhula, ndipo mamangidwe ake ndi omwe aja a "My father a driver". Akafuna kutsimikiza, kapena polemba za boma, amaphatika kacidutswa ku mapeto a dzina: "öğretmendir". Ponena za iye mwini amati "öğretmenim", ndine mphunzitsi. Kwa mnzake amati "öğretmensin", ndiwe mphunzitsi. Tizidutswa -im ndi -sin tigwira nchito ya -ne ndi -we wa m'mau athu ndine ndi ndiwe, kungoti iwo amatiika kumapeto a dzina. Kacidutswa -dir kaja kamasintha lembo lake la pakati potsata liu limene kaphatikikako, motero dokotala amakhala "doktordur". Musadabwe nazo, pakuti nafenso timati kuphikira koma kulembera, kugulitsa koma kudyetsa.

Pokana, Citeki cili ndi liu lakelake, "değil", monga ife tili ndi "si": "Mehmet öğretmen değil", Mehmet si mphunzitsi. Pofika ku nthawi ya mtsogolo tizidutswa tija tilephera, ndipo iwo abwereka mneni "olmak", monga ife tibwereka "-khala": "Mehmet öğretmen olacak", Mehmet adzakhala mphunzitsi. Ponena za kupezeka kwa cinthu ali ndi mau awiri, "var" ndi "yok": "Evde su var", m'nyumba muli madzi, "Evde su yok", m'nyumba mulibe madzi. Ciganizo caciwirici, liu ndi liu, cikuti "m'nyumba madzi palibe", ndipo ndico comwe cija kamtsikana kanalemba kuti "At home no water". Mneni wofanana ndi "have" wogwiritsa nchito tsiku ndi tsiku alibe. Amati "kalemim var", colembera canga cilipo. "Param yok", ndalama yanga palibe. Ndisakunamizeni kuti zonse zifanana: Citeki sicisiyanitsa "ndi" ndi "-li". "Mehmet evde", Mehmet ali kunyumba, cimangidwa monga "Mehmet öğretmen". Pamenepa Cinyanja cili cokha. Koma cimene cinatisekesa tonse awiri ndi cakuti mneni wao "oturmak" atanthauza kukhala pa mpando ndiponso kukhala m'mudzi, monga "kukhala" wathu.

Kufanana kumene kuli ndi phindu lalikulu kwa inu ndi kwa ciganizo cija cakuti "My mother tired". Zinthu zambiri zimene Cingerezi cimanena ndi "be" pamodzi ndi mfotokozi, ife timazinena ndi mneni weniweni wa m'nthawi yangopitayi: amai atopa, mwana wakhuta, nsima yapsa, malaya ang'ambika, mtsinje wadzala. Maganizo athu ndi akuti cinthu cinacitika ndipo zotsatira zake zikalipo. Mteki nayenso amati "yoruldum", ndatopa. "Acıktım", ndamva njala. "Susadım", ndamva ludzu, ndipo onsewa ndi aneni a nthawi yakale onena za tsopano. Mwana wathu akaona "tired" amamuyesa mneni wokwanira monga "atopa", makamaka pakuti ali ndi -ed kumapeto, ndiye saona cifukwa coonjezerapo "is". Mukamuuza cabe kuti waiwala liu, adzaliiwalanso mawa. Muuzeni kuti m'Cingerezi "tired" ndi mfotokozi wonga "wotopa", ndipo mfotokozi sangathe kuima yekha.

Kuonjezera apo, eni Cingerezi amameza mneniyu polankhula. "My father is" imamveka "my father's", ndipo "they are" imamveka "they're". Mwana wa pa benci la kumbuyo, m'kalasi la ana ambiri, samva kalikonse pamenepo.

Kafue Estates inamangidwa kaamba ka anchito a m'mafakitale, monga Nitrogen Chemicals of Zambia ndi Kafue Textiles of Zambia, ndipo anchitowo anacokera ku zigawo zonse za dziko. Motero m'kalasi lanu mudzapeza ana a Citonga, Cibemba, Cilozi ndi ena, ndipo cimene ciwagwirizanitsa pa bwalo la masewera ndi Cinyanja ca m'tauni. Mwana wa Cibemba amasandutsa "umuntu" kukhala "muuntu" akafuna kunena kuti ndi munthu, popanda liu lapadera, motero kusiya "is" kwa iye ndi kwacibadwa. Za Cinyanja ca m'tauni, aphunzitsi ambiri amacinyoza, koma pa nkhani iyi ndaona kuti ndi cothandiza. M'Cinyanja ca m'mabuku "ndi" wolumikiza ndi "ndi" wa kukhala pamodzi amalembedwa mofanana, ndipo amasiyana ndi kamvekedwe cabe, woyamba wotsika, waciwiri wokwera. Ana a ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound anawalekanitsa kale: amati "uyu ni mwana" koma "nili na njala". Mukafuna kudziwa kuti "ndi" wa m'ciganizo ndi uti, funsani ana kuti kwao anganene "ni" kapena "na". Adzayankha mosazengereza.

Malamulo a cinenero cophunzitsira asintha kangapo. Kuyambira mu 1966 Cingerezi cinali cophunzitsira kucokera ku Giredi 1. Mu 2014 zinenero za kwathu zinapatsidwa Giredi 1 mpaka 4. Ndipo maphunziro atsopano amene anayamba mu 2025 anabwezeranso Cingerezi patsogolo. Lamulo lililonse limene mudzapeze pa sukulu yanu, mwana adzalowabe m'kalasi ndi "ndi", "-li" ndi "-khala" m'mutu mwake, ndipo phunziro la Cinyanja ndilo malo oyenera kuzitulutsira poyera.

Ine ndikanakhala m'malo mwa wophunzira wathu uja, ndikanayamba ndi Cinyanja cokha. Ndikanagawa bolodi patatu ndi kulemba mafunso atatu pamwamba: Ndani? Ali kuti? Kuli ciani? Ana akanapereka ziganizo zao za ku Estates, za kumsika ndi za kumtsinje, ndipo iwo eni akanaona kuti gawo loyamba ladzala ndi "ndi", laciwiri ndi "ali", lacitatu ndi "kuli" ndi "kulibe". Kenaka tikanasandutsa ziganizozo kuti zinene za caka catha ndi za caka ca mawa, kuti aone "ndi" akusowa, "anali" ndi "adzakhala" akulowa m'malo mwake. Pa tsiku lina, osati lomwelo, ndikanalemba Cingerezi pansi pa ciganizo ciliconse ndi kulemba "is" ndi coko ca mtundu wina, kufikira mwana wina atafuula yekha kuti liu limodzi lomwelo likupezeka m'magawo onse atatu. Za zaka, njala ndi ludzu ndikanaziphunzitsa padera monga mau oloweza, ndi kuuza ana mosabisa kuti apa Cingerezi cimayenda njira yake. Pophunzitsa zonsezi musafupikitse mneniyu polankhula. Nenani "she is tired" momveka kwa milungu ingapo musanalole "she's tired".

Pa nchito yanu yoyesera ya cigawo cino, tengani mabuku khumi a Cingerezi a kalasi limene mwapatsidwa. Lembani m'kope lanu ciganizo ciliconse cimene "be" wasowa kapena walowa posayenera, ndipo pambali pake lembani Cinyanja, Citonga kapena Cibemba cimene muganiza kuti mwanayo anali naco m'mutu polemba. Maina a ana musalembe. Mubwere nalo kopelo ku phunziro lathu loyamba mukadzabwerako.